Njerewere za a Moven

Chikwama cha mayi ake chinali chitamangidwa kale pamene Mainess anafika kuchokera kusukulu, nsapato zili m'manja chifukwa cha madzi amene anasefukira m'misewu ya Kanyama. Mayi akewo anali pansi akuyamwitsa khanda la masiku asanu ndi anayi, maso ali psuu. Pampando wokhawo umene unatsala m'nyumbamo panakhala azakhali ake, a Ketty.

Nkhani yake inali ya zala. Khandalo linabadwa ndi kachala kowonjezera kolendewera pambali pa chala chaching'ono, dzanja ili ndi ili. A Ketty atangoona anagamula kuti kumtundu kwawo kulibe zoterezi, ndiye kuti mwanayo ndi wa mwamuna wina. Bambo a Mainess, a Moven, chichotsedwereni ntchito pamene fakitale inatsekedwa, ankangovomera aliyense wowalozera kumene kukuchokera tsoka lawo. Anakana kutcha mwanayo dzina, ndipo analamula kuti m'mawa mwake mkazi wawo akwere basi ya ku Katete kubwerera kwa makolo ake.

Mainess anagwidwa ndi mantha, komanso mtima unamuwawa. Ali chiimire pakhomo, anakumbukira phunziro la a Mwewa, mphunzitsi wawo wa sayansi. Iwo anafotokoza kuti maonekedwe a mwana amachokera ku tizinthu tosaoneka ndi maso timene amalandira kwa bambo ndi kwa mayi. Nthawi zina kamodzi kamasintha kokha mwa kholo lina, kenako n'kumayenda m'banjamo mibadwomibadwo. Chitsanzo chawo chinali chala chowonjezera. Anati ambiri amamangidwa ulusi akadali makanda, kachalako n'kuuma n'kugwa, pamalopo n'kutsala kotupa konga njerewere.

Njerewere! Ali wamng'ono, ulaliki ukatalika m'tchalitchi, Mainess ankakonda kuseweretsa njerewere ziwiri za m'manja mwa bambo ake.

Anagwada pamaso pawo. "Ba tata, nipemphako manja yanu. Yonse yabili."

A Ketty anadzuma, n'kunena kuti sukulu yamuwononga mtsikanayu, akulowerera nkhani za akuluakulu. Koma a Moven, mwina chifukwa chotopa ndi phokoso, anatambasula manja. Mainess anatenga kadzanja ka khanda lija n'kukaika pambali pa dzanja lawo. Pamene panalendewera kachala, pa dzanja la bambo panali njerewere. Anayesa dzanja linalo, chimodzimodzi.

"Ivi si njerewere, ba tata. Njerewere sizichita kupangana pomera. Apa panali vala, banakumangani muli mwana. Uyu mwana atengela imwe."

Anawalongosolera zonse za a Mwewa zokhudza zala zowonjezera, osadumpha kanthu. A Moven anayang'anitsitsa manja amene anakhala nawo zaka makumi anayi ngati akuwaona koyamba. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo wamkulu uja. Apo n'kuti a Ketty, amene ankalankhula ndi manja chiyambire m'mawa, atawabisa m'chitenje.

"Ba sisi, onetsani yanu."

Kunalibe kothawira. Pa dzanja lamanzere la a Ketty panali kotupa komweko. Anaulula chamunsimunsi kuti mayi awo ndiwo anawamanga onse awiri kumudzi, n'kuwalumbiritsa iwo monga wamkulu kuti asadzauze munthu, poopa kuti banja lawo lingatchuke ndi ufiti. Ataona khandalo anachita mantha, ndipo anaona chapafupi kukankhira manyaziwo kwa mlamu wawo.

A Moven anamasula okha mfundo ya chikwama chija, manyazi atawagwira. Anapepesa mkazi wawo pamaso pa onse, ndipo mwanayo anamutcha Jameson, dzina la malemu bambo awo. Mayi a Mainess anangokoka mwana wawo wamkazi n'kumukhazika pafupi, misozi ikutsika.

M'mawa mwake basi ya ku Katete inapita yokha. Banja lonse linawoloka matope kupita kuchipatala, khanda lili m'manja mwa a Moven. Namwino ataona tizalato sanadabwe n'komwe. Anangofunsa ngati kubanjako kuli wina amene anabadwa choncho.

A Moven anapatsira Mainess khandalo. Kenako, anthu onse a pamzere akuona, anakweza manja awo onse awiri m'mwamba.