Mlonda wa Kabokosi ka Mlingo

M'chaka cha 2068, pachipatala china cha ku Ntchisi, anamwino anali atasiya kubaya jakisoni. Ntchitoyo inali ya Dzanja, loboti ya mkono umodzi yoyenda pa timateyala. Namwino ankangolemba pa kompyuta. Pamwamba panali fomu yaikulu ya dzina ndi chithunzi cha wodwala, ndipo m'kati mwake munali kafomu kena ka mankhwala. Pa kabokosi kolembamo mlingo anaikapo pulogalamu yotchedwa mlonda. Ukangotuluka m'kabokosimo, mlonda ankadzuka n'kuona ngati nambala ili yoyenera.

Mayi Chikuse, namwino wamkulu, zinkawanyansa kuti chitsulo chizibaya munthu osamupatsa moni. Choncho akalemba mlingo ankadina chithunzi cha wodwala, kuti Dzanja liyambe lamulonjera.

Lachiwiri lina m'mawa, Lingstone Mbendera, katswiri wa makompyuta, analowa ali wefuwefu.

"Amayi, mwalembera ndani posachedwapa?"

"Bambo Gomani, a shuga aja. Kwagwanji?"

"Mutalemba mlingo munadina pati?"

"Pachithunzi, monga mwa masiku onse."

"Mayo ine! Mukalumphira pa fomu yaikulu, kabokosi kaja kamayesa mudakali momwemo. Mlonda sadzuka! Miyezi itatu yonseyi sanaone nambala yanu ngakhale imodzi."

Mayi Chikuse anachita mantha. Anayang'ana pa kompyuta. Pomwe ankafuna kulemba 8 panali 80.

Analiyatsa liwiro, nsapato imodzi n'kutsala pakhomo. Ali chapatali anamva mawu a Dzanja, aulemu ngati mkamwini watsopano.

"Mwadzuka bwanji, Bambo Gomani?"

"Tadzuka, kaya inu achimwene? Koma bondo ili, ee, silinandigoneke. Nanga mbuzi zanga kumudzi kuja…"

Bambo Gomani sankadziwa moni wachidule, ndipo Dzanja linapangidwa kuti lisamadule munthu mawu. Linaima phee, singano ili m'mwamba, kumvetsera za mbuzi. Mkuluyo atangoti "basi, bayani," Mayi Chikuse anagwera pa batani lofiira lozimitsira. Nsonga inali itakhudza kale khungu.

"Iii, a nesi," anadandaula Bambo Gomani, "mwam'zimitsiranji mnzanga?"

Moni womwe unagonetsa mlonda ndi womwenso unachedwetsa singano. Koma m'mutu mwa Mayi Chikuse munkabwera nkhope zina, za odwala onse a miyezi itatu ija amene ankangoyankha kuti, "Tadzuka."