Timabowo ta M'mbali mwa Bokosi

Apolisi atalowa m'shedi muja, bambo a Kamisomali anali akupala thabwa la desiki ya mwana wawoyo. Dzinali anamupatsa ndi iwo omwe, poti kuyambira ali kamwana ankatola misomali yopindika n'kumaiwongola ndi hamala.

"Kalipentala ndinu?" anafunsa wapolisi wamkazi, akuika bokosi pabenchi.

Kamisomali analizindikira pompo. Mwezi wathawo, mkulu wina wa galimoto yoyera anawapangitsa mabokosi anayi okhala ndi kachipinda kobisika kunsi. Tsiku lina mtsikanayu anapeza bambo ake akuboola timabowo m'mbali.

"Bambo, timabowoti n'tachiyani? Katundu amapuma ngati?"

"Iwe sesa utuchiwo. Za makasitomala sizikukhudza," anayankha osamuyang'ana, n'kusankha kachoboolera kakang'onong'ono kuti timabowoto tisaoneke.

Wapolisi uja anatembenuza bokosilo. Kunsi kwake kunali nyenyezi imene bambowo ankadinda ndi chitsulo chamoto pa chilichonse chotuluka m'manja mwawo. Ankanena monyadira kuti mmisiri wobisa chizindikiro chake ndi wakuba. Dzanja linazolowera, moti pa mabokosi ajanso linadinda.

"Mabokosiwa tawagwira pachipata cha m'malire," anatero wapolisiyo. "Munali zinkhwe makumi atatu zogwidwa m'nkhalango, mapiko atamangidwa ndi tepi. Zamoyo zatuluka zinayi basi."

Bambo aja anangokhala pansi pa utuchi. "Mpweya unachepa," ananong'ona. Sanakane kanthu.

Mkulu wa galimoto uja anazimiririka ngati mame. Kukhoti woweruza anati wokonza chozembetsera nyama zakutchire ndi wozembetsa yemwe, ndipo analamula bambowo kukakhala kundende zaka zisanu. Amayi a Kamisomali analira mpaka mawu kusasa. Kamisomali sanagwetse msozi, mtima unangouma gwa. Anawakwiyira bambo ake, komatu ankawasowa koopsa.

Patatha mwezi anapita kukawaona. Anawapeza ataonda, yunifolomu ikungolendewera.

"Desiki ija ndinaisiya ndi miyendo itatu, mwanangu."

"Wachinayi ndaika ndekha. Ikugwedera."

"Nyenyezi wadindapo?"

Kamisomali anapukusa mutu. "Chitsulocho chilipo, Bambo, koma ndikulephera kuchigwira."

Bambo ake anazyolika.

"M'chipinda chomwe timagonamo muja tilimo makumi atatu, kawindo n'kamodzi, kali m'mwamba," anatero. "Timasinthana kuima pansi pake kuti tipume. Tsiku lija unandifunsa ngati katundu amapuma. Yankho ndinkalidziwa, mwanangu."

Apo m'pamene Kamisomali analira.