Sitolo Yosataya Kanthu

Afrakoma anali ndi kaokala ka matabwa m'mbali mwa msewu wa ku Bantama, mumzinda wa Kumasi. M'katimo munali sopo, machesi, ufa wa chinangwa wokazinga wotchedwa gari woyeza pa kapu ndi tizitini ta tomato tochita dzimbiri. Mwamuna wake anamwalira kalekale, n'kumusiyira mwana mmodzi wamkazi, Pokuaa. Masiku ena dzuwa linkapendeka atagulitsa machesi okhaokha.

Tsidya la msewu womwewo kunali supamaketi ya Oforiwaa. Awiriwa anakulira limodzi, ndipo ali atsikana ankasenza madengu a chinangwa pa msika wa Kejetia. Koma tsopano Oforiwaa anali ndi sitolo ya magalasi, yozizira m'kati, anthu akukankha ngolo zawaya pakati pa mashelefu. Buledi ndi zipatso zikatsala ankagawira amayi osenza katundu. Tsiku lina anatumiza thumba la mpunga kwa Afrakoma.

"Wandiyesa wopemphapempha," anatero Afrakoma, akuliyang'ana thumbalo ngati muli njoka.

"Amayi, ndi mpunga basi," anayankha Pokuaa. "Tiyeni tiphike."

Anaphika, koma kwa Afrakoma mpungawo unamuima pakhosi. Sabata yotsatira anatseka okala, n'kukwera minibasi ya ku Mampong, kumene anamva kuti kuli sing'anga wa malonda, Nana Tabiri.

Anamupeza masana, atakhala pakhonde akusenda lalanje. Anali nkhalamba yaukhondo, yolankhula motsitsa. Pabwalo pake panalibe nkhuku, galu kapena mwana.

"Mwadzera mwana, mwamuna kapena malonda?"

"Malonda, Nana."

"Khalani. Amalonda ndimawakonda, sachedwa kumva."

Afrakoma anafotokoza umphawi wake wonse. Potsiriza anati, "Ndimamva kuti ena amauzidwa kupereka mwana. Ine ndili naye mmodzi. Ameneyo ayi."

Nana Tabiri anaseka pang'ono. "Ndani wakupemphani mwana? Ine sinditchula dzina la munthu. Lamulo langa ndi limodzi. Chilichonse cholowa m'sitolo mwanu chizituluka m'manja mwa wogula. Osataya. Osapatsa munthu ulere. Chikaola, gulitsani. Chikanunkha, gulitsani."

"Nanga wogulayo akadwala?"

"Mankhwala angawa nawonso amadya, mayi. Mukufuna azidya kwa inu?"

"Azidya kwa yani?"

"Kwa amene wabwera yekha ndi miyendo yake. Inu simudzasankha, inenso sindidzasankha. Kumasi ndi wamkulu. Anthu amatsegula m'mimba tsiku ndi tsiku, amafa tsiku ndi tsiku. Amafunsa ndani?"

Afrakoma anaganiza za anthu amene sakuwadziwa, ndipo anaona kuti alibe nkhope. Anavomera. Nkhalambayo inamupatsa kansupa kakuda komata ndi phula, n'kumuuza kuti akakakwirire pakhomo polowera ogula.

Zinayamba sabata yomweyo. Anthu ankadutsa maokala ena onse n'kudzaima pa iye ngati nyerere pa shuga. Chaka chisanathe anagumula matabwa n'kumanga sitolo ya njerwa. Patatha zaka zitatu supamaketi yake inali yaikulu kuposa ya Oforiwaa, ya mafiriji ataliatali ndi atsikana asanu ndi mmodzi pa matilu. Anagula galimoto. Kutchalitchi anamupatsa mpando wakutsogolo. Pokuaa anapita kukaphunzira unamwino.

Woyang'anira katundu anali bambo wachikulire, a Bonsu, amene anagwira ntchito m'masitolo moyo wawo wonse. Tsiku lina anabwera ndi chitini cha mkaka wa ana.

"Mayi, makatoni awa adutsa deti. Ndiwachotsa pa shelefu."

"Atengereni kuchipinda chakuseri. Muli sipiriti ndi chidindo. Mufufute, mudinde deti lina."

"Ndi mkaka wa makanda, mayi."

"Ndakulembani ntchito yoyang'anira katundu, a Bonsu, osati yolalikira."

Chipinda chakusericho chinakhala mtima wa sitolo yonse. Mpunga wa anankafumbwe ankausefa, kuuwaza mankhwala a tizilombo, n'kuulongedza m'matumba atsopano. Nsomba zowuma zochita nkhungu ankazipera n'kuzikazinga mu tsabola wa m'mabotolo. Magetsi akazima masiku awiri, jenereta n'kufa, nkhuku zinkasungunuka mpaka kusanduka zobiriwira m'mapiko. Ankazitsuka m'madzi a vinyo wosasa n'kuzibwezera mufiriji. Amayi osenza katundu akabwera kudzapempha buledi wagonera, alonda ankawathamangitsa.

Mwini wake sankadya kanthu kochokera m'sitolomo. Zakunyumba ankatuma dalaivala kukagula kwa Oforiwaa. Pokuaa atafunsa, anamuyankha kuti, "Wamalonda sadya malonda ake, mwanawe."

Kenako kunamveka kuti uje wagonekedwa kuchipatala, banja lakuti lasanza lonse. Palibe amene analoza sitoloyo. Koma m'mawa wina kunabwera mayi wina wophika mpunga ndi nyemba pamsewu, amene ankagula mkaka wa mwana wake pamenepo sabata iliyonse. Anavala nsalu yakuda ndi yofiira.

"Mwanayu ali kuti lero?" anafunsa Afrakoma.

"Watisiya dzana, mayi. Anangotsegula m'mimba masiku atatu. Ndadzagula zakumwa za obwera pamaliro."

Mayiyo analipira, n'kuthokoza, n'kutuluka. Afrakoma ankamudziwa mwanayo. Anali ndi mano awiri apansi ndipo ankakonda kukoka ndolo zake. Masana omwewo Afrakoma ananyamula yekha katoni imodzi ya mkaka uja n'kukaikhuthulira m'ngalande.

Kutacha, mpaka dzuwa kufika pamutu, m'sitolo simunalowe munthu ndi mmodzi yemwe. Atsikana a pa matilu ankangoyang'anizana. Dzanja limene anakhuthulira mkaka linatupa, zala zili ngati nthochi. Anakwera galimoto wa ku Mampong.

"Mwataya chakudya cha mwini nsupa," anatero Nana Tabiri asanamulonjere n'komwe. "Wagona ndi njala. Chimene mwamulanda adzachitenga kawiri."

"Nana, kwafa mwana."

"Wanu?"

"Ayi."

"Ndiye mukulira chiyani?"

"Ndikufuna kusiya."

"Palibe wakumangani. Kafukuleni nsupayo, mubwere nayo m'manja mwanu. Dzanja liphwa. Sitolo ipita mmene inabwerera, inu mubwerere m'kaokala kanu. Mnzanu uja ndi wamtima wabwino, azikutumizirani mpunga."

Afrakoma anabwerera ku Kumasi. Anaima pakhomo pa sitolo, pamwamba penipeni pa nsupa, n'kuyang'ana magalasi ake, chikwangwani cha dzina lake, ndi sitolo ya Oforiwaa tsidya lija. Analowa, n'kulamula kuti makatoni otsala a mkaka aikidwe pa shelefu. Lisanalowe dzuwa ogula anali atadzaza, ndipo dzanja linaphwa.

A Bonsu anaika makiyi patebulo. "Ine ndakalamba, mayi. Kumene ndikupita sindikufuna kukafunsidwa za ana a eni ake." Anatuluka osatembenuka.

Chaka chotsatira Pokuaa anapeza mwamuna, mphunzitsi wina dzina lake Kwarteng. Afrakoma anakonza ukwati woti Bantama yense aukambe. Mpunga, mafuta, nkhuku, zonse anaitanitsa kwina, osatenga ngakhale mchere m'sitolo mwake.

Tsikulo anthu anadzaza m'matenti. Afrakoma anakhala kutsogolo atavala nsalu yamtengo wapatali ya kente, akuyang'ana mwana wake akuseka, akudyetsana ndi mwamuna wake. Mayi a mkwati, a Dufie, anadzakhala pambali pake akudzipepesa ndi mpango.

"Asewere, anthu atichulukira," anatero a Dufie. "Nkhuku zija munatumiza tinaona dzulo kuti sizikwana. Ndiye ndinati, tikagule kwina asewere athu ali ndi sitolo? Si manyazi amenewo? Atsikana anu ndi aulemu. Anatitengera za mufiriji yakuseri, makatoni khumi, n'kutitsitsira mtengo."

Afrakoma ankazidziwa nkhukuzo. Zinasungunuka kawiri mwezi womwewo.

"Mwaziphika padera?"

"Padera bwanji? Tasakaniza zonse. Zakoma, eti?"

Afrakoma anaimirira. M'matenti monse anthu ankadya: abusa, aphunzitsi, agogo, ana atakhala pansi mbale zili pamiyendo. Woyendetsa mwambo anali pafupi, ndipo Afrakoma akanatha kumulanda chimkuzamawu n'kuuza onse kuti aleke. Koma kutero kunali kuulula zonse pamaso pa Bantama. Anayenda msanga kupita kwa Pokuaa yekha, n'kumulanda mbale. Munali mafupa okhaokha.

"Amayi, kwagwanji?"

"Palibe. Ndimati ndikuwonjezere."

Anabwerera pampando pake. Anthu anapitiriza kudya, iye akuwaonerera.

Mawa lake anthu oposa makumi anayi anali m'chipatala. Ana ndi okalamba ndiwo anayamba kupita. Pokuaa anali ndi pathupi pa miyezi iwiri, ndipo thupi lake silinalimbe. Tsiku lachitatu anatsegula maso n'kupeza mayi ake atakhala pambali pa bedi. Monga namwino, anali atamva zimene madokotala ankanong'onezana.

"Akuti ndi nkhuku," anatero ndi mawu ouma.

Kenako anawayang'ana mayi akewo n'kufunsa:

"Amayi, n'chifukwa chake kwathu sitinkadya za m'sitolo?"

Afrakoma anafuna kumugwira dzanja. Pokuaa analibweza, n'kutembenukira kukhoma. Anamwalira masana a tsiku lomwelo, wachisanu ndi chiwiri mwa omwe anafa.

A Bonsu ndiwo anatsogolera oyendera zakudya ndi apolisi kuchipinda chakuseri. Anapeza sipiriti, zidindo, sefa ndi migolo ya vinyo wosasa. Katundu yense anamutulutsa ndi malole n'kukamutentha. Abale a omwalira anaswa magalasi, n'kugwetsa chikwangwani. Apolisi atapita kukamugwira Afrakoma, anamupeza atakhala pansi kukhitchini, akununkhiza mbale zopanda kanthu imodziimodzi. Anamutengera kuchipatala cha amisala m'malo mwa kukhoti, ndipo atamutulutsa panalibe wachibale womulandira.

Anakhala zaka ziwiri m'misewu ya Bantama. Akaona mwana akudya, ankamuthamangira, kumulanda chakudyacho n'kuchiponya m'ngalande, akunena kuti, "Usadye, usadye." Makolo ankamumenya, ena ankamugenda. Oforiwaa ankamuikira chakudya pakhonde la sitolo yake tsiku lililonse, koma iye ankangochinunkhiza n'kuchitaya. Anaonda mpaka kutsala mafupa. Anamupeza atafa m'mbali mwa msewu, nyengo ya mvula, ndipo Oforiwaa ndiye anagula bokosi.

Inu amene mumagulitsa zodya ndi zomwa, dziwani kuti wogula amakupatsani moyo wake pamodzi ndi ndalamayo, chifukwa sangaone za kuseri kwa shelefu. Palibe wogula amene si mwana wa munthu. Dyera limakunong'oneza kuti wovulalayo adzakhala mlendo, koma silikuuza kuti msika ndi umodzi, ndipo chimene wagulitsa sichifunsa njira. Kulibwino kaokala ka machesi okhaokha, munthu n'kumadya ndi ana ako mosaopa, kusiyana ndi chuma chimene iwe mwini sungachilawe.