Uyanga ndi Zitsamba za Kumtsinje

Uyanga ankakhala m'chihema choyera, pafupi ndi mtsinje. Amayi ake ankadwala chifuwa. Ankangotsokomola, kutsokomola.

"Mwanangu, thamangira kumtsinje," anatero abambo ake. "Ukathyole zipatso za chitsamba cha chatsargana. Madzi ake awathandiza amayi ako. Ine ndiyambe ndadyetsa akavalo."

Uyanga anatenga ndowa. Madzi a chatsargana ankawadziwa. Koma zipatso zake anali asanathyolepo.

Kunja kunkazizira kwambiri. Madzi a mumtsinje anali ataundana gwa ngati mwala. M'mbali mwake munali zitsamba zaminga.

Chitsamba choyamba chinali chachifupi. Zipatso zake zinali zachikasu.

"Ndi chimenechi!" anatero Uyanga.

Koma pambali pake panali chachitali. Zipatso zake zinali zofiira psuu.

"Kapena ndi ichi?"

Anayenda pang'ono. Anapeza cha zipatso zobulungira. Anayendanso. Anapeza cha zipatso zazitali. China chinali ndi minga yambiri. China chinali ndi minga yochepa. China chinalibe chipatso ngakhale chimodzi!

Uyanga anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Mutu unazungulira.

"Nanga ndikathyola zolakwika?" anadzifunsa. "Amayi adwala koposa."

Anakhala pa ndowa yake. Misozi inalengeza.

Kenako abambo anafika pakavalo.

"Iwe, ndowa ili mbee! Ukuwerenga minga?"

"Ababa, chatsargana ndi chiti? Zonsezi n'zosiyana."

"Akavalo athu ndi ofanana?" abambo anafunsa.

"Ayi. Wina ndi woyera. Wina ndi wakuda. Wina amaluma."

"Nanga amalumayo ndi ngamila?"

"Ayi, Ababa! Ndi kavalo."

"Basitu. Izinso zonse ndi chatsargana."

Uyanga analoza chitsamba chopanda zipatso. "Koma ichi n'chaulesi. Tichidule, tikasonkhere moto."

"Ayi, ayi! Chimenechi n'chachimuna. Maluwa ake amatulutsa ufa. Mphepo imauluzira ufawo ku zinzake. Popanda icho, zinzakezo sizingabereke."

Uyanga anachiyang'anitsitsa. Anachizungulira kawiri.

"Chachimuna? Nanga ndevu zake zili kuti?"

Abambo anaseka mpaka chipewa chinagwa.

Anayala nsalu pansi. Anapatsa Uyanga ndodo. Uyanga anamenya nthambi. Zipatso zinali zitauma ndi chisanu. Zinayoyoka ngati mikanda, waa! Zachikasu zinagwa. Zofiira zinagwa. Ndowa inadzaza.

Kunyumba anafinya zipatsozo. Anathiramo madzi otentha ndi shuga. Uyanga ananyamula kapu ndi manja awiri.

Amayi anamwa. Anatsinzina diso limodzi. "Ii, kuwawasa kwake! Ndi zamtundu uti zimenezi?"

"Zonse, Amayi," anatero Uyanga. "Kupatula chitsamba chachimuna chija. Icho chimangotuma mphepo."

Amayi anaseka, nakokera Uyanga m'bulangete mwawo.

"Thira ena, mwanangu," anatero. "Pakhosi payamba kufewa."