Gawo la Nasimbi

Belu lomaliza la Lachisanu litalira, Nasimbi anatsalira m'kalasi akudziwa kuti lero wagwidwa. Anzake awiri anali atakokera kale mipando pafupi, makope ali chitsegulire, kudikira kuti awaphunzitse gawo lake la mbiri ya ku Ulaya. Gawolo linali litagona m'chikwama mwake masabata atatu, ndipo iye anali asanawerenge ngakhale tsamba limodzi.

Kalasi yawo ya folomu folo inali ndi mabuku ochepa a hisitole, moti ana atatu ankagawana buku limodzi. Limene linagwera atsikana atatuwa linali nkhalamba yeniyeni. Chikuto chinapita kalekale, ndipo guluu wa kumsana atauma bukulo linapatuka lokha patatu. Monita, amene ankasunga choko ndi kulemba mayina a olongolola, anati poti buku ladzigawa lokha palibenso cholimbirana. Iye anatenga zimene zinayambitsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Loya, amene anapatsidwa dzinali chifukwa cholota za kukhoti usana ndi usiku, anatenga nkhondo yeniyeniyo. Nasimbi anatsala ndi masamba makumi atatu a pangano la mtendere limene mayiko opambana anasainitsa Jeremani nkhondo itatha. Anagwirizana kuti aliyense awerenge gawo lake, adule mizere ya pensulo pansi pa mfundo zikuluzikulu, kenako aphunzitse anzake.

Monita ndi Loya anachita zawo. Loya makamaka anaikapo mtima. Mutu wake sunali wothamanga, chinthu ankachibwereza kanayi kuti chilowe, koma tsiku lake litafika anajambula mapu pabolodi n'kufotokoza mpaka mawu anasasa. Anali ndi chifukwa chake. Aphunzitsi a hisitole, amene ana ankawatcha a Chifukwa poti yankho lililonse ankalibwezera funso loti chifukwa chiyani, anali atanena kuti mayeso oyeserera alembedwa Lachitatu, ndipo aliyense wopeza malikisi osafika makumi anayi achotsedwa pa mndandanda wa olemba hisitole pa mayeso omaliza. Kwa Nasimbi kuchotsedwa kukanakhala ngati kutula katundu. Kwa Loya kunali kutsekeredwa chitseko, chifukwa ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti njira ya kusukulu ya malamulo imadzera pa phunziro limeneli.

Tisamunamizire Nasimbi ulesi, pakuti waulesi sanali. Mayi ake anali telala wosoka mayunifolomu, ndipo iye akaweruka ankapita molunjika kukachipinda kosokera, n'kuima pa tebulo ndi simbi mpaka dzuwa kulowa. Dzina lakelo linachokera pamenepo. Akati akhale pansi atsegule masamba aja, msana unkawawa, mayina a nduna ndi mizinda yakutali ankasambira m'maso, mayina oti lilime limachita kupindika. Ankadzifunsa kuti kodi azibambo amene anakangana m'nyumba yachifumu zaka zoposa zana zapitazo akumufunanji iye. Ankatseka n'kunena kuti mawa, ndipo mawa anachuluka mpaka kukwana masabata atatu.

"Tayamba iwe, njala yatipweteka," anatero Monita akugogoda desiki ndi cholembera.

Nasimbi anayankha msanga. "Anzanga, ndisakutayitseni nthawi. Gawo langa ndawerenga lonse, mulibe chachilendo. Komanso funso la pangano linabwera chaka chatha, linabweranso chaka chinacho. Munawaonapo a Chifukwa akufunsa chinthu chimodzi katatu?"

Zoti funsolo linabwera kawiri zinali zoona, ndipo n'zimene zinapatsa bodzalo miyendo. Monita, amene naye anali atatopa, anatseka kope mosangalala n'kunena kuti apulumuka. Loya yekha anazengereza. Anapempha kuti abwereke masambawo akawaone Lamulungu, ngakhale pang'ono chabe. Phazi la Nasimbi linakhudza chikwama pansi pa desiki. Anakumbukira kuti masambawo anali oyera mbee, opanda ngakhale kamzere kamodzi ka pensulo, ndipo Loya akanangotsegula akanadziwa zonse. Nasimbi ananena kuti wawaiwala kunyumba.

"Chabwino," anatero Loya akulongedza makope. "Ngati iwe wawerenga n'kuona choncho, ine ndilimbikira zinazi."

Lachitatu m'mawa mayi a Nasimbi anamupempha kuti asite malaya atatu asananyamuke, poti eni ake ankabwera kudzatenga. Akudikira kuti simbi itenthe, mantha anamugwira. Anasolola masamba aja n'kuwerenga anayi ataimirira, mothamanga ngati wakuba. Anatolapo zoti Jeremani analandidwa malo, anachepetseredwa asilikali, ndiponso anakakamizidwa kuvomera kuti nkhondo anayambitsa ndiye. Zinali zochepa, koma zinakhala m'mutu.

Pa geti la sukulu anakumana ndi Loya akuyenda pang'onopang'ono, milomo ikugwedera ndi zaka za nkhondo zimene ankaloweza. Mfundo zitatu zija zikanatha kunenedwa asanafike pakhomo la kalasi. Koma Nasimbi anaona kuti akazitchula, Loya afunsa chifukwa chake sanazinene Lachisanu. Choncho anangomugwira paphewa n'kumufunira mafuno abwino.

Mapepala atagawidwa, funso loyamba linali lokakamiza, la malikisi makumi atatu, ndipo linkafuna mfundo za pangano lija ndi chifukwa chake anthu a ku Jeremani anadana nalo. M'kalasi munamveka kuusa moyo. Nasimbi analemba mfundo zake zitatu, n'kuzitambasula mmene akanathera. Atadzutsa mutu anaona khosi la Loya madesiki awiri kutsogolo. Cholembera chake sichinkayenda. Anatembenuza pepala, n'kulibwezanso, n'kulitembenuzanso, ngati funsolo lisintha. Mmene ankayamba mafunso amene ankawadziwa, theka la nthawi linali litapita.

Lolemba a Chifukwa anawerenga zotsatira ndi mawu a munthu amene wachonga mapepala ambiri kuposa mmene maso ake angapirire. Monita anapeza makumi asanu ndi asanu ndi atatu. Nasimbi makumi anayi ndi anayi. Loya makumi atatu ndi asanu ndi limodzi. Anawonjezera kuti mndandanda upita kwa a hedi Lachisanu, kenako anafufuta bolodi n'kuyamba mutu wina.

Loya sanalire, ndipo sanaloze munthu chala. Pa buleki anabwera kudzakhala pafupi ndi Nasimbi pa khonde, n'kunena kuti ndi tsoka chabe, onse analosera molakwa. Kenako anamwetulira movutikira n'kuwonjezera kuti bola Nasimbi anali atawerenga gawo lake, apo ayi akanagwa awiri. Mawu amenewa anamupweteka Nasimbi kuposa mmene kutukwanidwa kukanamupwetekera, ndipo anasowa poyang'ana.

Madzulo ake mayi ake anamuona akusita kolala imodzi kachisanu, n'kumufunsa ngati akufuna kuiboola. Nasimbi anaimika simbi n'kuwafotokozera zonse, kuyambira masamba oyera mpaka pa geti. Mayiwo sanaimitse makina. Anamaliza msoko, anadula ulusi ndi mano, kenako anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndiye ukuuza ine kuti nditani, mwanawe? Mndandandawo suli ndi ine." Anapinda nsalu n'kutenga ina. "Mawa ndi mkuja usathamangire kuno. Malaya adikira."

Tsiku lotsatira Nasimbi anakagogoda ku chipinda cha aphunzitsi. A Chifukwa anali pakona, kuseri kwa mulu wa makope, choko chili m'mikono ya jekete, tiyi atazizira m'kapu. Nasimbi anaika masamba aja patebulo n'kunena kuti Loya sanagwe chifukwa cha ulesi, koma chifukwa iye anamunamiza ndi kumubisira gawo la buku. Aphunzitsiwo anatsegula masambawo limodzi limodzi, osafulumira.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa, koma osati ndi mawu a m'kalasi aja.

Nasimbi anati poyamba kunali kutopa, kenako manyazi. A Chifukwa anavula magalasi n'kutikita maso. Anati kutopa akukudziwa bwino, poti iwo aphunzitsa nkhondo imodzimodziyo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndipo chaka chilichonse imayambiranso. Anati malikisi sasintha, koma Loya alemba funso lina la gawo lomwelo Lachinayi, ndipo akakwanitsa dzina lake lilowa. Atatero anamukankhira masamba aja.

"Ine sindimuuza chimene chachitika. Ukamuuze wekha, ndi pakamwa pako, osasiyako kanthu."

Nasimbi anamupeza Loya pa mpope kuseri kwa makalasi akutsuka manja. Nasimbi ananena zonse maso ali pansi, ngakhale za masamba anayi a Lachitatu m'mawa uja, ngakhale kuti zimenezo palibe amene akanazidziwa. Madzi ankangotayika mpaka Loya anakumbukira kutseka mpope. Anapukuta manja pa siketi, analandira masambawo n'kuwaika m'kope lake. Nasimbi anati mayi ake amumasula masiku awiriwo, atha kukhala naye n'kumamufunsa mafunso.

"Ayi," anatero Loya mofatsa. "Ndiwerenga ndekha."

Ndipo anawerengadi yekha. Masiku awiriwo Nasimbi ankamuona pa buleki atakhala pakona ya laibulale, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse, akubwerera m'mbuyo, akuyambiranso. Masamba makumi atatu m'masiku awiri, kwa munthu wofuna kubwereza chinthu kanayi, sinali ntchito yamasewera. Lachinayi analowa m'chipinda cha aphunzitsi maso atafiira, n'kutuluka patapita ola limodzi.

Lachisanu mndandanda unamatidwa pa chitseko cha kalasi. Nasimbi anapanikizana ndi anzake, osafuna dzina lake, mpaka anaona la Loya pansi penipeni, lowonjezeredwa ndi cholembera chofiira. Mtima wake unapepuka koyamba sabata yonseyo. Anathamanga n'kukamupeza panjira yotulukira, n'kumuuza kuti wakondwa kwambiri, ndipo ankanena zoona.

Loya anathokoza, mmene munthu amathokozera mlendo amene wamusunthira pa mpando wa basi. Anayenda mapazi awiri, kenako anaima n'kutembenuka.

"Ukudziwa, za Lachisanu lija ndikanazimvetsa. Tonse timatopa. Koma pa geti paja unali ukudziwa, unandiyang'ana m'maso, n'kundifunira mafuno abwino." Anakonza lamba wa chikwama paphewa. "Chimenecho ndiye sindikudziwa kuti ndichiika pati."

Nasimbi sanamutsatire. Anaima pomwepo ana ena akumudutsa mbali zonse, akuyang'ana Loya akutuluka pa geti n'kukhotera njira ya kwawo osacheuka. Njira imeneyo ankayenda awiri kuyambira folomu wani, ndipo tsiku limenelo Nasimbi anadikira kaye kuti mnzakeyo atalikire asanayambe kuyenda.