Nkhonya ya 2,250

Hidaya anakumana ndi Sadik pa kashopu kotchajitsa mafoni komwe ankagwira ntchito, pafupi ndi depoti ya Mangochi. Sadik anali wogula usipa. M'malo mosiya foni n'kumapita ngati anthu ena, iye anakhala pabenchi n'kumasewera gemu foni ili pachaja, uku akudandaula kuti chilombo cha m'gemumo chikumupha tsiku lililonse.

Hidaya anasuzumira n'kuseka. Anamuuza kuti vuto si zala zake koma masamu, ndipo anamulembera pakatoni. Nkhonya ya Sadik m'gemumo inali 1,000. Mnzake akamudalitsa, imakwera ndi 20 peresenti n'kufika 1,200. Mnzakeyo akafooketsanso chishango cha chilombo, theka lina limabwera pamwamba pa 1,200 uja, osati pa 1,000, ndiye nkhonya imafika 1,800.

"Ndiye wondidalitsayo ukhale iweyo, Aphunzitsi anga okoma," anatero Sadik. "Osati lero lokha. Mpaka kalekale."

Mtsikana wa anthu, mtima unangoti phwii!

Gemuyo inali ndi mphamvu inanso, yotchedwa Moto wa Awiri. Anthu awiri akamasewera mafoni awo ali pafupi, motowo unkakwera peresenti imodzi tsiku lililonse, n'kumawonjezera mphamvu ya nkhonya. Akangosiyana tsiku limodzi, unkazima. Pabenchi paja Hidaya ndi Sadik anaukoleza mpaka 40, mapewa atagundana, makasitomala akudikira.

Kenako Sadik anapita ku Nkhudzi kukagula usipa mwezi wathunthu, ndipo moto unazima. Hidaya anapitiriza kumudalitsa ali kutali, ndipo mameseji sankaphonya. Sadik ankalemba kuti:

"Wapamtima, kuno ndili ndekhandekha ngati chitsa. Idi ikangotha, amalume abwera kwanu kudzakamba za ukwati wathu wa nikah. Wallahi, ndikulumbira, palibe wina."

Ndani sakanakhulupirira?

Lachinayi masana Sadik anatumiza chithunzi cha nkhondo yomwe anali atangomenya limodzi ndi Hidaya, modzitama ndithu: 2,250. Hidaya anayamba wasangalala. Kenako mutu wake uja wosagona unayamba kuwerengera wokha. Anatenga bolopeni. Mdalitso wake, 1,200. Chishango chofooka, 1,800. Nanga 450 winayo wachokera kuti? Anabwereza katatu. Inali kota ya 1,800, ndipo m'gemu yonse chinthu chopereka 25 peresenti yotero chinali chimodzi chokha: Moto wa Awiri. Masiku makumi awiri ndi asanu Sadik anali akukhala phewa ndi phewa ndi munthu wina, osajomba.

Atamuimbira, Sadik anaseka n'kunena kuti ndi Yunus, mnzake woyendetsa boti. Anamutchula Hidaya kuti switi, anamutchula mayi wa ana ake, n'kumuuza kuti asiye nsanje. Hidaya anadula foni mtima utatsikako. Koma maso ake anagwera pamafoni a pashelefu. Aa, Yunus uti? Foni ya Yunus anaitchajapo kambirimbiri. Inali ya mabatani, yomanga ndi labala, yosatheka ngakhale kutsegula gemu.

Anatsegula mndandanda wa gulu lomwe ankasewera nalo m'gemu n'kumayang'ana dzina lililonse. Pambali pa Sadik, onse moto wawo unali pa ziro, kupatula mmodzi: Ajira, 25. Ajira msuweni wa Hidaya, yemwe anatsanzika kuti akukadwazika azakhali ku Nkhudzi. Ajira yemwe Hidaya anamuphunzitsa yekha gemuyi, pabenchi lomweli, pakatoni yomweyi.

Zinamupweteka zedi. Analira mpaka mayi wina wodzatenga foni anabwerera osaitenga.

Anajambula katoniyo n'kuitumiza kwa Sadik, dzina la Ajira atalilemba pansi. Sadik anayankha kuti:

"Switi, masamu nthawi zina amanama. Tikambirana ndikabwera."

"Masamu sanandinamizepo, Sadik. Wandinamiza ndiwe. Amalume ako asavutike kubwera."

Mawa lake gulu lonse linakumana ndi chilombo chija, mpikisano womwe awiriwa anaukonzekera miyezi itatu. Sadik analemba kuti, "Aphunzitsi, ndidalitseni chonde." Hidaya anali momwemo, chala chili pamwamba pa batani lomwe analidina m'mawa uliwonse chikumanireni. Sanalidine. Chishango sanachikhudze.

Nkhonya ya Sadik inatuluka 1,260, ndipo chilombo chinamugwetsa. Hidaya sanasangalale ngakhale pang'ono. Nambalayo anali ataidziwa kale isanaoneke: Sadik ndi Ajira, moto wawo utafika pa 26, iyeyo atachotsedwapo. Anapukuta misozi yomwe inagwera pagalasi la foni, n'kulowetsa benchi lija m'shopu.