Zilembo Ziwiri pa Mkuwa

Mayken Aerts anali atangoyamba ntchito yopaka utoto zithunzi m'nyumba yosindikizira mabuku ku Antwerp pamene Gillis, wozokota zithunzi pa mkuwa, anamukodola.

"Tabwera, njiwa yanga. Ukuiona nyumba iyi?"

Inali nyumba yachifumu yozokotedwa pa mkuwa, nsanamira zili ndandanda, makwerero osaoneka pothera.

"Ili dziko liti imeneyi?"

"Kulibe. Ndaimanga m'mutu mwangamu, ndipo ndi yako. Tayang'ana pamwamba pa chipata."

Panali zilembo ziwiri zonyezimira: M A. Mwana wamkazi anangoti kukamwa yasa! Mawa lake anapeza kakalata pansi pa mbale ya utoto: "Buku likangotuluka, ndidzaonekera kwanu. Usakayike, mtima wanga."

Basitu, Mayken anakana wophika buledi amene bambo ake anamupezera. Ife anzake tinamuchenjeza, koma wokonda samva.

Miyezi inapita. Timakalata tija tinasiya kubwera. Gillis anayamba kumadyera kwa abwana, n'kumaseka ndi mwana wawo, Aleydis Mertens. Kodi kunali kuseka chabe? Nanga akakumana ndi Mayken ankayang'aniranji kumbali? Mtsikana anaonda ndi maganizo. Mtima ukamuwawa, ankazemba kukasuzumira mkuwa uja. M A, zilipobe. "Mkuwa sunama," ankadzitonthoza choncho.

Tsiku losindikiza linafika. Mdala Joos, wosindikiza, anapaka inki pa mkuwa uja, anayala pepala lonyowa, n'kupukusa chopsinjira. Atasenda pepala, maso a Mayken anathamangira pachipata paja.

A M.

"Bambo Joos, mwalakwitsa! Zatembenuka!"

"Mwana wanga, ntchito yathuyi ndi yotero. Chakumanzere pa mkuwa chimatulukira kumanja papepala. Wozokota amalemba chobwerera dala."

"Ndiye kuti Gillis anaiwala eti?"

"Gillis? Zaka khumi ndi ziwiri, sanaphonyepo chilembo."

Mayken anatembenukira kwa Gillis mwini wake, misozi ili lengelenge.

"Gillis, ungonena kuti unaiwala. Ndinamize, ndikhulupirira!"

Mwamuna wamanthayo anangoti zyoli, n'kumapukuta zala zopanda inki. Ine zinandinyansa.

Pomwepo abwana Mertens analowa akumwetulira, anakweza pepala lija m'mwamba, n'kulipereka kwa Mayken.

"Mtsikana iwe, dzanja lako ndi labwino. Zilembo za Aleydis wangazi uzipake golide, mapepala onse mazana atatu. Athe chisanafike chinkhoswe chake ndi Gillis Loweruka."

Mayken anatola burashi, n'kuyambira pa A.